Frederick Lugard, msilikali amene anawomberedwa ku Karonga n'kukathera kumata dziko la Nigeria

Mukamufunsa munthu wa ku Nigeria za Lugard akuuzani mosachedwa kuti ndi mzungu amene anamata dziko lawo, kumpoto ndi kummwera, mu 1914, ndipo ena akamanena zimenezi nkhope imachita kusintha. Wa ku Uganda akuuzani za linga limene anamanga pa phiri la Kampala. Ife kuno ambiri dzinali tinangolimva m'kalasi, kuloweza kuti tikhoze mayeso basi, osadziwa zoti nkhondo yoyamba imene mkuluyu anaitsogolera yekha anaimenyera ku Karonga kwathu konkuno, ndipo anachokako ali ndi mabala a chipolopolo m'mikono yonse iwiri. Ine ndimafuna moyo wa munthu ameneyu tiziudziwa bwinobwino, chifukwa ukaulondola kuchokera poyambira umaona mmene utsamunda unkayendera tsiku ndi tsiku, ndani ankalipira, ndani ankanyamula katundu, ndani ankawombera, ndi ndani amene ankagona pansi.

Frederick Lugard anabadwa pa 22 Januwale 1858 ku Madras m'dziko la India, mzinda umene lero amati Chennai. Bambo ake anali m'busa wa asilikali a Angerezi kumeneko, mayi ake anali a mishoni, ndipo mayiwo anamwalira iye ali ndi zaka 7 zokha. Banja silinali la ndalama, ndipo mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nthawi imeneyo maofesala ambiri a gulu lankhondo la Britain anali ana a anthu olemera, malipiro a boma kwa iwo inali ya sopo chabe, pomwe Lugard ankadalira malipiro omwewo pa chilichonse. Munthu wotere kuti akwere ankayenera kusakasaka kumene kwabuka nkhondo. Analowa Sandhurst, sukulu ya maofesala, mu 1878, koma anangokhalako masabata ochepa n'kumutulutsa mwachangu chifukwa boma linkaopa kuti liyambana ndi Russia. Nde anapita ku India, anakhala nawo pa nkhondo ya ku Afghanistan, kenako ya ku Sudan mu 1885 cha ku Suakin, kenako ya ku Burma komwe anapatsidwa mendulo ya DSO mu 1887. Ku Sudan ndi ku Burma ntchito yake yeniyeni inali ya mtengatenga, kuonetsetsa kuti chakudya, zipolopolo ndi nyama zonyamula katundu zafika komwe zikufunika. Ntchito yosatchuka, koma ndi imene inamuphunzitsa kuyendetsa ulendo wa anthu mazanamazana m'tchire miyezi yambiri osatha ndi njala, ndipo ku Africa luso limeneli ndi lomwe linkamugulitsa kwa mabwana.

Chimene chinamuchotsa pa njira ya usilikali wamba ndi nkhani ya chikondi. Anali ndi chibwenzi ku Lucknow, nde ali ku Burma anamva zoti mayiyo wavulala kwambiri pa ngozi, anathamangira ku India n'kupeza wapita kale ku Mangalande, anamulondola mpaka ku London n'kukamupeza ali bwinobwino akusangalala ndi amuna ena. Mutu unasokonekera. Anali atatopa kale ndi malungo a ku Burma, anatenga tchuthi cha matenda, anakwera sitima ngati munthu wosauka kupita ku Massawa kukadzipereka kwa Ataliyana amene ankalimbana ndi Ethiopia, iwo anamukana. Anatsika ndi gombe mpaka ku Mozambique, ndipo kumeneko ndi komwe anamva zoti kumpoto kwa nyanja ya Nyasa kuli kampani ya Asikoti imene yapanikizidwa ndi ogula akapolo ndipo ikufuna msilikali wodziwa ntchito.

Kampani yake ndi African Lakes, ija tonse timaidziwa kuti Mandala, dzina lochokera ku magalasi a John Moir. Inali ndi sitolo ku Karonga yomwe ankayang'anira Monteith Fotheringham, ndipo malonda ake aakulu anali kugula minyanga ya njovu kwa amalonda achiswahili, anthu ankangowatchula kuti Aluya. Apa tisabise, kampaniyi ndi Mlozi, mtsogoleri wa amalonda achiswahiliwo, poyamba anali pa ubale wa malonda. Zinthu zinasintha pomwe Mlozi ndi anzake Kopa Kopa ndi Msalemu anamanga malinga cha ku Mpata, pa njira ya Stevenson yopita ku nyanja ya Tanganyika, n'kuyamba kulanda dziko la Ankhonde. Chakumapeto kwa 1887 Ankhonde ambiri anathawira m'mabango pa dambo la Kambwe, anthu a Mlozi anayatsa mabangowo, ena anapsa, ena anaphedwa potuluka, ena anagwidwa ndi ng'ona m'madzi, otsala anatengedwa ukapolo. Kenako sitolo ya Karonga inazingidwa mpaka Anyakyusa ochokera kumpoto anabwera kudzaipulumutsa. Nde pomwe Lugard ankadutsa ku Quelimane, kukwera Shire, kufika ku Blantyre n'kukwera nyanja mpaka ku Karonga mu Meyi 1888, nkhondo inali ili mkati kale.

Gulu limene anapatsidwa silinali gulu lankhondo ayi. Azungu pafupifupi 20, ena alenje a njovu, ena akalaliki a kampani, ena anyamata ongofuna ndalama ochokera ku South Africa, kuphatikiza anthu akuda mazana angapo, ambiri mwa iwo Atonga amene Alfred Sharpe anawabweretsa, Sharpe yemwe uja anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Pakati pa Juni 1888 anayenda usiku kuti mbandakucha akagwere linga la Kopa Kopa. Atafika pafupi ndi pomwe anaona kuti linga silinali mpanda wa mitengo chabe, linali la mitengo yomatidwa ndi dothi lochindikala, lalitali kuposa munthu, lobooledwa timabowo toti mfuti izitulukira, moti amkati ankakuona iwe osawaona. Lugard anayesa kukwera khomalo kuti anyamata amutsatire, munthu wamkati anamuwombera pafupi penipeni. Chipolopolo chimodzi chinalowa mkono wamanja, chinadutsa m'chifuwa osakhudza mtima, n'kukaphwanya dzanja lamanzere. Nkhondo inathera pomwepo, anabwerera ku Karonga mikono ili lendelende, ndipo dzanja lamanzerelo silinabwererenso mwakale.

Sanathawe, izi timupatse. Atachira pang'ono anapitiriza, kampani inabweretsa mzinga kumayambiriro kwa 1889, koma zipolopolo zake zinkangoboola dothi lija n'kudutsa osagwetsa khoma. Mu Malichi 1889 anachoka ku Karonga Mlozi akadali m'linga lake. Harry Johnston ndi amene anadzapangana naye mtendere Mlozi chakumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo ndi Johnston yemweyo anadzagwetsa malingawo mu Disembala 1895, ndi asilikali achisikhi ndi mizinga yeniyeni, Mlozi n'kupachikidwa. Lugard ankayembekezera kuti ntchito yolamulira dera la nyanjali ikhala yake, inapita kwa Johnston, ndipo zinamuwawa.

Ine nkhani ya Karonga sindiitenga mopepuka. Ukapolo unalikodi, Kambwe inachitikadi, ndipo munthu amene anakwera khoma lija anaika moyo wake pachiswe polimbana ndi anthu ogulitsa anzawo. Koma pomwepo ndi pomwenso Lugard anaphunzira zinthu ziwiri zimene anayenda nazo moyo wake wonse. Choyamba, mzungu mmodzi atha kumenya nkhondo ndi asilikali akuda bola akhale ndi mfuti zoposa za mdani. Chachiwiri, ukanena kuti ukuthetsa ukapolo anthu a ku Britain, a mipingo ndi a nyuzipepala omwe, amakuombera m'manja ndipo safunsanso zambiri za dziko lomwe walanda.

Tchuthi chake ku usilikali chinkangowonjezeredwa, iye n'kumagwira maganyu a makampani. Ena mwa makampani amenewa anali odabwitsa, boma la Britain linkawapatsa chikalata chowaloleza kupangana ndi mafumu, kukhala ndi asilikali, kukweza mbendera, zonse boma osatulutsa ndalama. Yotsatira inali Imperial British East Africa Company ya William Mackinnon, imene inamutuma ku Buganda, ufumu wa mu Uganda ya lero. Anafika mu Disembala 1890 ndi asilikali ochepa, amtengatenga ambiri ndi chiwaya chimodzi chakale cha Maxim, anamanga msasa pa phiri la Kampala osadikira chilolezo cha mfumu ya dzikolo, Kabaka Mwanga, ndipo pa 26 Disembala Mwanga anasaina pangano monyinyirika. Buganda nthawi imeneyo inali yogawanika pa zipembedzo, Asilamu, Akatolika amene ankatchedwa a Fransa chifukwa ansembe awo anali Afalansa, ndi Apulotesitanti otchedwa a Ingleza. Lugard anaona kuti mphamvu zake n'zochepa, nde mu 1891 anayenda mpaka ku nyanja ya Albert kukatenga asilikali a ku Sudan amene anasiyidwa ndi Emin Pasha, mzungu amene ankalamulira kummwera kwa Sudan, motsogozedwa ndi Selim Bey, n'kuwakhazika m'malinga kumadzulo, komwe anthu a m'midzi yozungulira anaona nawo zakuda chifukwa asilikaliwo ankadya zolanda.

Pa 24 Januwale 1892 nkhondo inabuka pa Mengo, likulu la Mwanga, pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti. Lugard anali atagawa mfuti kwa Apulotesitanti, ndipo zitafika povuta chiwaya chinalira kuchokera pa phiri la Kampala. Akatolika anagonja, tchalitchi chawo cha ku Rubaga chinatenthedwa, Mwanga anathawira pa chilumba cha Bulingugwe komwe Kaputeni Williams, wachiwiri wa Lugard, anakawomberanso anthu, ena n'kumira ndi mabwato. Ansembe anadandaula mpaka ku Paris, nkhani inafika ku nyumba ya malamulo ku London. Lugard atabwerera kwawo chaka chomwecho anapeza kampani yatha ndalama ndipo ikufuna kuchoka ku Uganda, nde anayendayenda m'mizinda ya Britain kuyankhula m'matchalitchi ndi m'mabungwe a amalonda kuti dzikolo lisatayidwe. Zinatheka, mu 1894 Uganda inalowa m'manja mwa boma la Britain. Apa ndi pomwe msilikali uja anasanduka wandale wodziwa kugwiritsa ntchito cholembera.

Maganyu ena awiri ndingowadutsa. Mu 1894 George Goldie wa Royal Niger Company anamutuma kukachita mpikisano ndi Afalansa wokasainitsa mafumu a ku Borgu, dera la ku malire a Nigeria ndi Benin ya lero, anafika ku Nikki patsogolo pawo ndi masiku ochepa, pobwerera analasidwa muvi m'mutu koma anapulumuka. Mu 1896 anali ku nyanja ya Ngami ku Bechuanaland, Botswana ya lero, kusaka miyala ya mtengo wapatali nthawi imene mliri wa ng'ombe unali utapululutsa ng'ombe zokoka ngolo. Ali komweko mu 1897 Joseph Chamberlain, nduna yoona za maiko a atsamunda, anamuitana kuti akakhazikitse gulu lankhondo la West African Frontier Force, asilikali akuda, ambiri Ahausa ndi Ayoruba, maofesala azungu.

Pa 1 Januwale 1900 ku Lokoja mbendera ya Royal Niger Company inatsitsidwa, ya Britain inakwera, ndipo Lugard anakhala mkulu wa Northern Nigeria. Papepala dera lake linali lalikulu kuposa Malawi kasanu, koma pansi ankalamulira kachigawo kakang'ono m'mbali mwa mitsinje ya Niger ndi Benue. Mbali yaikulu ya kwinako inali ufumu wa Sokoto umene anayambitsa Usman dan Fodio kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ufumu wachisilamu wokhala ndi mafumu otchedwa ma Emir m'mizinda, makhoti, alembi, misonkho, asilikali a pa akavalo, komanso akapolo ochuluka zedi. Lugard anaudya pang'onopang'ono ngati phala lotentha, kuyambira m'mbali. Bida, Kontagora ndi Yola mu 1901, Bauchi mu 1902, ndipo Borno, umene unali ufumu wina pawokha, chaka chomwecho. Kaputeni Moloney, woimira boma la Britain, ataphedwa ku Keffi, wakuphayo n'kuthawira ku Kano, Lugard anapeza chifukwa chomwe ankafuna, anatumiza asilikali osakwana 1,000 popanda kuwauza bwinobwino mabwana ake ku London, amene anakwiya atamva. Kano ndi makoma ake aakulu a dothi inagwa mu Febuluwale 1903, Sokoto mu Malichi. Akavalo ndi malupanga sakanatha kulimbana ndi chiwaya. Sultan Attahiru, mfumu yaikulu ya Sokoto, anathawira kummawa ndi khamu la anthu omutsatira, anamupeza ku Burmi mu Julayi 1903 n'kumupha pamodzi ndi anthu mazana ambiri.

Ku Sokoto Lugard anawauza akuluakulu mosapita m'mbali kuti Afulani, mtundu wa mafumu a Sokoto, analitenga dzikolo ndi nkhondo, tsopano Angerezi alitenga ndi nkhondo, choncho mphamvu yoika ndi kuchotsa ma Emir, yodula msonkho ndi ya malo yapita kwa boma, koma chipembedzo chawo sachikhudza. Apa ndi pomwe panabadwira chimene m'mabuku amati indirect rule, kulamulira kudzera mwa mafumu. Anthu amaitenga ngati nzeru yakuya yolemekeza chikhalidwe, koma muzu wake ndi wosavuta kuumva, analibe anthu ndipo analibe ndalama. Maofesala azungu anali ochepa kwambiri, London sinkafuna kuwonjezera bajeti, nde njira yotsika mtengo inali kumusiya Emir pa mpando, iye azitolera msonkho, gawo lina lipite ku boma gawo lina litsale, makhoti ake aziweruza milandu, pambali pake pakhale mzungu wotchedwa Resident womulangiza, malangizo oti sungawakane. Emir kwa anthu ake ankaoneka mfumu monga kale, koma amene akanamuchotsa tsopano anali mzungu, anthu ake ayi. Kusintha kumeneku n'kwakukulu, chifukwa mfumu imayang'ana kwa amene angailande mpando.

Nanga ukapolo uja anaulimbana nawo ku Karonga? Anatseka misika ya akapolo ndi kuletsa nkhondo zogwira anthu, ndipo lamulo la 1901 linati ana obadwa kuyambira Epulo chaka chimenecho ndi mfulu. Koma akapolo amene analipo kale sanawamasule onse, ndipo boma lake silinkafuna kuti azithawa kwa ambuye awo, chifukwa chuma cha ma Emir amene iye ankawadalira chinali pa minda yolimidwa ndi akapolowo. Ndipo pali Satiru, mudzi wa pafupi ndi Sokoto. Mu Febuluwale 1906 anthu osauka a kumeneko, ena mwa iwo akapolo othawa, anaukira motsogozedwa ndi alaliki achisilamu, ndi makasu, nkhwangwa ndi mauta, anapha azungu atatu ndi asilikali akuda oposa 20. Lugard anatumiza asilikali, Sultan watsopano amene anaikidwa ndi Angerezi anathandiza, mu Malichi mudziwo unafafanizidwa, anthu pafupifupi 2,000 anaphedwa ndipo malowo analetsedwa kumangidwanso. Ine ndikafika pa Satiru mtima umandiwawa, chifukwa anthu amene anaphedwa pamenepo ndi mtundu womwewo wa anthu amene ku Karonga ankati akuwapulumutsa.

Chaka chomwecho anatula pansi udindo. Mbali ina chinali chifukwa cha mkazi wake Flora Shaw, mtolankhani wamkulu wa nkhani za atsamunda ku nyuzipepala ya The Times, amene anakwatirana naye mu 1902 ndipo nyengo ya ku Nigeria inkamudwalitsa. Mayi ameneyu ndi amene analemba mu 1897 kuti dera la mtsinje wa Niger lizitchedwa Nigeria. Kuyambira 1907 mpaka 1912 Lugard anali bwanamkubwa wa Hong Kong, komwe chachikulu anasiya ndi University of Hong Kong.

Mu 1912 anamubwezera ku Nigeria ndi ntchito imodzi, kulumikiza kumpoto ndi kummwera, ndipo zinachitika pa 1 Januwale 1914. Chifukwa chake chinali ndalama. Kumpoto kunalibe doko ndipo kunkadalira thandizo lochokera ku London chaka ndi chaka, kummwera kunkapeza zambiri pa msonkho wa katundu wolowa, makamaka mowa, nde anaphatikiza matumba kuti wina azidyetsa mnzake. Eni dziko sanafunsidwe. Ndipo ngakhale analumikiza, anasiya mbali ziwirizo zikuyenda mosiyana, kumpoto amishoni ankaletsedwa kulowa m'madera a ma Emir choncho masukulu achizungu anachepa, kummwera anachuluka, mpata umene unadzavutitsa dzikolo mpaka pa ufulu wa 1960 ndi kupitirira. Atayesa kutengera njira ya kumpoto kummwera zinavuta. Kwa Ayoruba mafumu anapatsidwa mphamvu zimene mwambo sunkawapatsa, msonkho unalowa, anthu anaukira ku Iseyin mu 1916 ndi ku Abeokuta mu 1918, asilikali n'kupha anthu mazana. Kwa Aigbo midzi yambiri inkayendetsedwa ndi mabwalo a akuluakulu popanda mfumu imodzi, boma linkangosankha munthu n'kumupatsa chikalata kuti ndiwe mfumu, ndipo mkwiyo wa zimenezi unadzaphulika mu 1929 iye atachoka kale, pomwe amayi a ku Aba ndi madera ozungulira anaukira ndipo oposa 50 anawomberedwa. Anthu ophunzira a ku Lagos, maloya ndi a nyuzipepala, Lugard sankawafuna n'komwe, iwonso sankamufuna, ndipo atachoka mu 1919 nyuzipepala zawo zinasangalala poyera.

Atapuma ntchito ndi pomwe dzina lake linakula koposa. Mu 1922 anatulutsa buku la The Dual Mandate in British Tropical Africa, momwe ankati mtsamunda ali ndi ntchito ziwiri, kutukula eni dziko ndi kutsegula chuma cha dzikolo kuti dziko lonse lapansi lipindule, ndipo sanabise kuti Britain sinabwere kudzachita zachifundo zokha. M'buku lomwelo munthu wakuda amamufotokoza ngati mwana wosaganiza za mawa, mawu onyoza amene anyamata opita kukakhala ma DC ankawawerenga ngati choonadi. Anakhala mu komiti ya League of Nations yoyang'anira maiko amene analandidwa kwa Germany mpaka 1936, anapatsidwa ulemu wa Lord mu 1928, ndipo anamwalira pa 11 Epulo 1945 ku Abinger ku Surrey ali ndi zaka 87.

Ku Karonga sanabwererenso, koma maganizo ake anafika. Donald Cameron, amene anagwira naye ntchito ku Nigeria, anakhala bwanamkubwa wa Tanganyika mu 1925 n'kukhazikitsa ulamuliro wodzera mwa mafumu kumeneko, Northern Rhodesia inatsatira cha m'ma 1930, ndipo kuno ku Nyasaland malamulo a Native Authority ndi makhoti a mafumu anabwera mu 1933. Ma DC anayendayenda kufufuza kuti mfumu yeniyeni ya dera ili ndani, mabanja ena anakwezedwa, ena anatsitsidwa kukhala pansi pa anzawo amene kale ankafanana nawo, ndipo mfumu yovomerezedwa inapatsidwa khoti, kalaliki, amesenjala ndi ntchito yothandiza kutolera msonkho. Mafumu athu analipo kalekale azungu asanabwere, Kalonga, Kyungu, Chikulamayembe, M'mbelwa, Gomani ndi ena, zimenezo sanayambitse Lugard. Chimene chinachokera ku njira yake ndi chakuti mfumu izindikiridwe ndi boma, ilembedwe m'kaundula, ilandire malipiro ndipo boma lithe kuikweza kapena kuichotsa. Titalandira ufulu, dzina linasintha kuchoka pa Native Authority kukhala Traditional Authority, T/A uja timalemba pa fomu iliyonse pambali pa dzina la mudzi ndi boma lomwe timachokera.